Chikhulupiriro ndi Kusiya Kachasu ku Chadiza

Boma la Zambia litaletsa tujilijili m'chaka cha 2012, timapaketi ta mowa waukali tomwe tinkagulidwa motchipa ngakhale ndi ana asukulu, uchidakwa sunathe m'midzi ya Chadiza, pakuti kachasu amatchezedwa kuseri kwa nyumba ndipo alibe fakitale yoti boma likatseke. Uchidakwa, ndiko kuti kumwa kumene munthu salekanso ngakhale akuona kuti kwamudyera ndalama za feteleza ndi kumuthetsera banja, kawirikawiri umafika kwa abusa kapena kwa sing'anga usanafike kuchipatala, chifukwa achibale amauona ngati chiwanda kapena kulodzedwa.

Gulu la Alcoholics Anonymous, limene Bill Wilson ndi Bob Smith analiyambitsa ku Akron m'dziko la America mu 1935, linamanga njira yake ya masitepe 12 pa mfundo yoti chidakwa chivomereze kuti mowa wachiposa mphamvu, chidalire mphamvu yoposa icho, ndipo chikonze zimene chinalakwira anthu ena. Mipingo ya ku Chadiza, kuphatikizapo Reformed Church in Zambia yomwe mizu yake m'derali ili pa mishoni ya Nsadzu, ili nazo kale zida zofanana ndi zimenezi: kulapa poyera, kwaya, zigwirizano za abambo ndi amayi, ndi akulu ampingo oyendera makomo. Phindu lenileni lagona pa kukhalitsa, chifukwa munthu wosiya mowa amataya anzake onse apamowa nthawi imodzi, ndipo madzulo akapanda pokhala, makamaka akangogulitsa soya kapena fodya, amabwerera komwe anachoka. Pemphero la usiku umodzi lotulutsa ziwanda, limene anthu amalithamangira kwambiri, silimupatsa anzake atsopano, pamene mpingo umene umangomuika pa chilango n'kumuiwala umamukankhiranso kumowa.

Palinso malire amene chikhulupiriro sichiyenera kudumpha. Munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka zambiri akasiya mwadzidzidzi, pakapita masiku awiri kapena atatu akhoza kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona zinthu zomwe palibe ndi kukomoka, ndipo zizindikiro zimenezi, zomwe n'zosavuta kuzitcha mizimu yoipa, zimachokera mu ubongo umene unazolowera mowa. Wodwala wotere akhoza kufa, choncho achibale ayenera kupita naye kuchipatala cha boma pa Chadiza tsiku lomwelo, mapemphero n'kumutsatira komweko.