Mphindi Zitatu Zoyamba za Filimu

Makolo ambiri amadabwa akaona mwana wao wa ku koleji akubwereza kasanu konse ciyambi ca filimu imodzimodzi, osafika n'komwe pakati pa nkhani. Musafulumire kumunena ulesi. Ngati aphunzitsi anamupatsa nchito yopanga kanema wacidule, mwanayo ali m'kati mwa phunziro, pakuti mphindi zitatu zoyamba ndizo zimatiuza kumene tili, munthu amene tiyenera kumutsata, ndiponso mbali imene wopanga filimu watiimika ife oonerera.

Za mbali imeneyi ndizo ophunzira amaiwala kawirikawiri. Taonani filimu ya I Am Not a Witch ya m'caka ca 2017, imene anaipanga Rungano Nyoni, mai wobadwira ku Lusaka amene anakulira ku Wales. Mwini nkhani ndi kamtsikana kochedwa Shula, koma sitikaona msanga. Poyamba tiona basi ya alendo okaona malo ikudutsa m'dziko louma, uku kukumveka nyimbo ya Vivaldi ya kwa Azungu. Basi iima pafupi ndi mpanda. Kuseri kwa mpandawo kwakhala pansi azimai, ambiri a iwo okalamba, onamiziridwa ufiti. Aliyense wamangidwa kumsana ndi riboni yaitali yoyera, ati kuopa kuti angauluke. Alendo atulutsa makamera nayamba kujambula.

Tsono ife tafika bwanji pamalopo? Tafika pamodzi ndi alendo aja, ndipo taima kunja kwa mpanda pamene iwo aima. Palibe watidzudzula ndi mau, komabe manyazi atigwira Shula asanaoneke. Mkhristu amene anaonapo gogo akupirikitsidwa m'mudzi pambuyo pa maliro a mwana, anthu opemphera ali cete, sadzavutika kuzindikira malo amene Nyoni wamuika.

Filimu ya The Mission, imene Roland Joffé anaipanga mu 1986, iyenda njira ina. Kadinala akulembetsa kalata ya kwa Papa m'caka ca 1758, kenaka wansembe womangidwa pa mtanda atengedwa ndi mtsinje nagwera m'mathithi a Iguazu. Pamene Bambo Gabriel ayamba kukwera thanthwe la mathithi omwewo, tadziwa kale cimene cingamuonekere pamwamba.

Wophunzira acite motere. Aonere ciyambico atatseka mau, nalembe m'kope cithunzi ciliconse: kamera ili pati, yayandikira kapena ili patali, yakhalapo masekondi angati. Kaciwiri atseke maso, amvetsere nyimbo, phokoso ndi mau oyamba kunenedwa. Kacitatu aonere zonse pamodzi nadzifunse kuti: ndikuona ndi maso a yani? Ena amataya masiku pokongoletsa zilembo za maina ao, koma zimenezo zingadikire.

Tsiku lojambula likafika, kaya ndi pa msika, pa cipatala ca mishoni kapena pa msonkhano wa mphakati, funso lomwe lija limutsata. Foni ya m'thumba imajambula msanga kwambiri, ndipo nkosavuta kusanduka mlendo wa pa basi ija. Ayambe wapereka moni, afotokoze colinga cake, apemphe cilolezo kwa ojambulidwa. Ngati agogo akhala pa mphasa, iyenso akhale pansi, kamera ikhale molingana ndi maso ao, ndipo mau oyamba kumveka m'kanemayo akhale a agogowo.