Wailesi za Makolo Athu Zisathere Kudzala

M'midzi yozungulira phiri la Michesi, kuyambira ku Migowi mpaka ku Chiringa, mukadali nyumba zina zimene zikusunga wailesi yakale pansi pa bedi kapena kuseri kwa nkhokwe. Ana amaiyesa chitsulo chachabechabe. Komatu chigumula cha mu 1991 ndi namondwe Freddy wa mu 2023 zidakokolola katundu wambiri m'boma la Phalombe, kotero wailesi imene idapulumuka ndi mboni ya mbiri yathu yosayenera kutayidwa.

Yotchuka mwa wailesi zimenezi ndi ija ankaitcha Saucepan Special chifukwa idaumbidwa ngati sefuliya. Idayamba kugulitsidwa mu 1949, itapangidwa ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain mopemphedwa ndi Harry Franklin, mkulu woona zofalitsa nkhani ku Lusaka. Mtengo wake udali mapaundi 5, ndipo batire lake, limene wailesiyo inkakhalapo pamwamba, linkatha pafupifupi maola 300. Pa wailesi zotere makolo athu ankamva nkhani m'Chinyanja ndi nyimbo za Alick Nkhata kuchokera ku Lusaka, MBC isanabadwe mu 1964.

M'kati mwake mudalibe matiranzisita ayi, koma mavalavu anayi, timababu tagalasi timene timakuza mawu waya wam'kati mwake akatentha. Kawirikawiri mavalavuwa sakhala akufa. Zimene zimaonongeka ndi ukalamba ndi makapasita okutidwa ndi pepala ndi phula, ndiponso mawaya amene mphira wake udayoyoka. Nchifukwa chake mmisiri wanzeru sathamangira kuyatsa. Amayamba wapukuta fumbi, kuchotsa zisa za mavu, kenaka n'kujambula papepala mmene mawaya ayendera asanadule ngakhale umodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Batire lakale lija lidasiya kupangidwa, koma njira ilipo. Linkapereka mphamvu ziwiri: mavoti 90 ndi mavoti 1.5. Mabatire khumi a mavoti 9 olumikizidwa motsatana amapereka mphamvu yoyambayo, ndipo mwala umodzi waukulu wa tochi umapereka yachiwiriyo. Chenjerani: mukasemphanitsa mawaya awiriwa, mavalavu onse apserera nthawi yomweyo. Wailesi za mavalavu zoyendera magetsi a m'nyumba nzoopsa koposa, pakuti zimatha kusunga mphamvu yakupha ngakhale zitazimitsidwa. Zimenezo zigwiridwe ndi mmisiri wodziwa.

Nanga bokosi lake likaperewera ziwalo? Apa ndi pamene luso la kumudzi limaonekera. Chopotokolera chikasowa, wosema angaseme china cha mlombwa poyang'anira chimene chatsalacho. Chivundikiro chakumbuyo cha wailesi ya sefuliya angachikhome mmisiri wa zidebe wa pamsika. Wailesi zazikulu zamatabwa, monga zija ankabwera nazo matchona ochokera ku Halale ndi ku Joni, mdani wake ndi chiswe ndi chinyontho. Kalipentala achotse thabwa lokhalo lodyedwalo n'kuikapo mbawa yochokera pa mpando wakale. Asafune mkungudza wa m'phiri la Mulanje, pakuti mtengowu ndi wotetezedwa ndipo watsala pang'ono kutha. Chotsekera kumbuyo chibooledwe tizibowo kuti kutentha kuzituluka, ndipo kutsogolo kwa sipika kuikidwe nsalu yopyapyala yosatsekereza mawu.

Lamulo lalikulu ndi ili: bwezerani chosowa chokha. Musapale utoto wakale pofuna kuti iwale ngati yatsopano, ndipo chilichonse chochotsedwa musunge m'kathumba pamodzi ndi wailesiyo.

Tisaname, wailesi zotere sizigwira FM, kumene nyumba zambiri zoulutsira mawu zili masiku ano, ngakhale usiku zingakoke mawu akutali. Phindu lake lili pena. Mphunzitsi woiika patebulo m'kalasi waphunzitsa sayansi ndi mbiri yakale pa tsiku limodzi, ndipo wachinyamata amene watsiriza sukulu akaidzutsa waphunzira luso lomuthandiza kukonza zipangizo zina. Choncho musanaigulitse kwa ogula zitsulo zakutha, pitani nayo kwa agogo, mukawafunse kuti adamvapo zotani.