Mankhwala amene anaulula pobisalira khansa

Chotupa cha khansa chikamakula mothamanga, mitsempha ya magazi imatsalira m'mbuyo. Mu 1955, Thomlinson ndi Gray a ku Britain anapima zotupa za m'mapapo n'kupeza kuti maselo otalikirana kwambiri ndi magazi amafa. Koma pakati pa athanzi ndi akufawo pamakhala ena osowa okosijeni amene safa. Amenewa ndiwo amasowetsa madokotala mtendere, chifukwa kuti afe ndi radiotherapy pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi katatu.

M'zaka za m'ma 1970 chiyembekezo chinali pa misonidazole, wachibale wa Flagyl amene timamudziwa tonse. Ankayenera kufooketsa maselo ouma mutuwo. Sizinayende: odwala ankachita dzanzi m'manja ndi m'mapazi mlingo usanakwane n'komwe.

Chikhala kuti nkhani inathera pomwepo, bwenzi titataya chinthu chamtengo wapatali. Ku Edmonton m'dziko la Canada, J. Donald Chapman ndi anzake analowetsa carbon-14 m'mankhwalawa monga chizindikiro, n'kuwathira pa maselo oleredwa mu labotale. Zimene anasindikiza mu 1981 zinaonetsa kuti chizindikirocho chimakanirira m'maselo osowa mpweya. Pa timibulu ta maselo, kunja kunkatsala koyera, pakati pakufa pomwenso n'poyera, koma mzere wa pakati pa mbali ziwirizi unkada bii pa filimu yoonetsa chizindikirocho.

Chimachitika n'chiyani? Mankhwala akalowa m'selo, ma enzyme amawapatsa elekitironi imodzi. Okosijeni akakhalapo amailanda nthawi yomweyo, mankhwala n'kubwerera mwakale n'kutuluka. Akasowa, wolanda palibe. Mankhwala amalandira ma elekitironi enanso, amasintha, n'kumamatira ku mapuloteni a selolo osachokanso. Selo lakufa silingachite zimenezi poti ma enzyme ake anasiya ntchito. Kwa ine, kukongola kwa njirayi kwagona apa: imaloza selo lamoyo koma losowa mpweya, lomwe lija lingadzutsenso matenda chithandizo chitatha.

Lero pimonidazole, wachibale wa misonidazole, amagwira ntchito yomweyi pa tizidutswa ta chotupa toikidwa pa maikulosikopu, ndipo wachibale wina, FMISO, wonyamula fluorine-18, amaonetsa malowo wodwala ali pa makina a PET. Vuto lake n'lakuti mphamvu ya fluorine-18 imatsika ndi theka pa mphindi 110 zilizonse, motero chipatala chimene chili kutali ndi makina a cyclotron opangira mankhwalawa sichingawagwiritse ntchito.