Malamulo oweta nyama zakutchire ku Malawi

Malamulo oweta nyama zakutchire ndi malamulo amene amanena za amene angasunge agwape, mbawala, ntchefu ndi nyama zina za mtundu umenewu mumpanda, komanso m'mene nyama yake ingagulitsidwire. Nyama zotchedwa deer, zimene alimi a ku New Zealand amaweta ngati ng'ombe, ku Malawi kulibe. Kuno nkhaniyi imakhudza nyama zachilengedwe za dziko lino.

Lamulo lalikulu

Lamulo lalikulu ndi National Parks and Wildlife Act la 1992, lomwe linakonzedwanso mu 2004 ndi mu 2017. Limanena kuti nyama zakutchire zili m'manja mwa mtsogoleri wa dziko m'malo mwa Amalawi onse. Choncho gwape wolowa m'munda mwa munthu sasanduka chuma cha mwini mundawo.

Wofuna kuweta ayenera kutenga chiphaso ku nthambi ya boma yoona za malo osungira nyama zakutchire. Ziphasozi n'zosiyana: china n'chongosungira nyama, china n'chowetera mumpanda, china n'cha malo aakulu amene nyama zimadzidyera zokha. Kukhala ndi nyama, chikopa kapena nyanga popanda chikalata cha umwini ndi mlandu. Kuyambira mu 2017, wopezeka wolakwa pa nyama zotetezedwa kwambiri, monga njovu ndi chipembere, akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 30.

Kugulitsa nyama

Vuto lagona pakuti nyama ikadulidwa nthulinthuli, kapena ikawambidwa, palibe amene angaizindikire ndi maso kuti yachokera mumpanda kapena pamsampha. Chikalata ndicho chokha chimasiyanitsa mlimi ndi wopha nyama mozemba. Palinso nkhani ya matenda: njati zimafalitsa chigodola ku ng'ombe, ndipo mu 2018 anthrax inapha mvuu ku Liwonde. Munthu akhoza kutenga anthrax podya kapena posenda nyama yodwala.

Ku Ngara

Ngara ndi mudzi wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi m'boma la Karonga, pa msewu wa M1 kumpoto kwa Chilumba. Ndiwo zimene zimadziwika kumeneko ndi nsomba, makamaka usipa. Komabe kumadzulo kwake kuli mapiri a Nyika, kumene malo osungira nyama anakhazikitsidwa mu 1965 ndi kukulitsidwa mu 1978. Kumeneko kuli ntchefu, chilembwe, mphoyo ndi mbidzi. Wogula nyama yowamba kudera ngati limeneli, popanda kufunsa kumene yachokera, nayenso akhoza kuimbidwa mlandu wopezeka nayo.