Banja Ligula Gitala Yakale ndi Ndalama za Nshawa

Gitala inalowa m'midzi ya cigawo ca Kum'mawa pamapewa a amuna obwerera kucokera ku migodi ya Copperbelt ndi ya ku Johannesburg. M'zaka za m'ma 1950, pamene Alick Nkhata anali kumveka pa wailesi ya ku Lusaka, anyamata ambiri anailakalaka, ndipo osowa ndalama anadzipangira mabanjo a zigubu za mafuta. Kufikira lero gitala yatsopano ndi yokwera mtengo kwa mlimi wamba, cotero ambiri amafunafuna imene inapita kale m'manja mwa ena.

Banja lina la m'boma la Katete, litagulitsa nshawa zake za Chalimbana, linapangana kupatulako ndalama zogulira gitala, popeza mwana wao wacisamba anali ataonetsa luso pa banjo yodzipangira. Amai poyamba anakana, ponena kuti feteleza sanagulidwe ndipo nyimbo sizilowa m'nkhokwe. Anavomera atamva kuti gitalayo idzakhala ya banja lonse ndi kuti idzathandizanso pa kwaya ya ku chalichi.

Pa tsiku lopita ku Chipata anatengana ndi amalume a mwanayo, nkhalamba imene inagwirapo nchito ku Luanshya ndi kuphunzira kuimba komweko. Anapeza magitala awiri. Ina inali yofiira ndi yonyezimira, ndipo mnyamata sanafune kuitula pansi. Inzake inali yokalikakalika, yotsala ndi nsambo 4 pa nsambo 6.

Amalume sanasamale za utoto. Anaika diso kumutu kwa gitala yofiira nayang'ana m'litali mwa khosi lake, monga acitira mmisiri poyesa ngati thabwa laongoka. Khosilo linali lopindika. Pa kamzere ka citsulo ka nambala 12, pamene nsambo ziyenera kutalikira khosi ndi mamilimita 2 kapena 3 okha, ndiko kuti pafupifupi kunenepa kwa kamtengo ka macisi, panali mpata wolowa pensulo. Gitala yotere imapweteka zala, ndipo wophunzira amagwa ulesi mwezi usanathe. Anaonanso kuti kathabwa komangapo nsambo kanayamba kumatuka.

Cifukwa cake cinali poyera. Gitalayo inapangidwira nsambo za nailoni, zimene zimakoka ndi mphamvu yonga ya makilogalamu 40, koma mwini wake anaikamo za citsulo, zimene zimafika pa makilogalamu 70. Mtengo sungapirire katundu wotere usana ndi usiku kwa zaka zambiri, ndipo kuongola khosi lopindika ndi nchito imene amisiri a mipando a kumudzi sangaithe.

Yokalikakalika ija inapezeka yoongoka. Zokungira zake zonse zinali kuzungulira bwino, ndipo poigwedeza simunagwe ufu wa tizilombo tofumbwa matabwa. Amalume anaigogoda ndi cala pamimba kuti amve ngati timitengo ta m'kati tamasuka, koma inalira bwino lomwe. Nsambo zosowa sizinawadetse nkhawa, pakuti zimagulidwa pa mtengo wocepa.

Atate sanapereke ndalama kufikira wogulitsa atafotokoza kumene anaitenga ndi kulemba kalata ya malonda pamaso pa mboni. Apa anacita mwanzeru, cifukwa wolandira katundu wakuba amatha kuimbidwa mlandu pamodzi ndi wakubayo.

Kunyumba, amalume analamula kuti gitala isakolekedwe m'khichini kapena pafupi ndi malata, pakuti kutentha kwa mwezi wa October kumasungunula guluu, ndiponso kuti isatsamiritsidwe pansi pamene pali cinyezi ndi ciswe. Amai, amene anakana poyamba paja, ndiwo anaisokera thumba la citenje. Mnyamata amaloledwa kuigwira akabwerako kudimba, ndipo mlongo wake wamng'ono, amene palibe anamuganizira pogula, wayamba kale kukunga nsambo yekha.