Nsanja ya Avengers, galimoto ya Batman ndi mnyamata wa zaka 14: zoposa zinzake pa tinjerwa ta LEGO

Kampani ya LEGO, imene likulu lake lili ku Billund m'dziko la Denmark, yakhala ikugulitsa zidole za ngwazi za m'mabuku a nthano zojambula kuyambira 2002, pamene inatulutsa Spider-Man woyamba. Batman anatsatira mu 2006. Kuchokera nthawi imeneyo mabokosi akhala akunka nakula, mitengo nayo ikukwera, moti akuluakulu a mabokosiwa masiku ano salinso a ana. Pachikuto pamalembedwa kuti ndi a anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo.

Pa mabokosi a Marvel, limene linaphwanya mbiri ndi la Avengers Tower, lomwe linatuluka mu Novembala 2023 lili ndi tizidutswa 5,201. Nsanjayo ukaimanga imatalika masentimita 90, ndipo mumakhala tianthu 31. Iron Man, Thor, Black Widow ndi Loki onse alimo, komanso kamunthu kena kamene sikamenya nkhondo m'nthano iliyonse: Kevin Feige, bwana wa Marvel Studios, atavala kapusi yake. Ku America bokosili linkagulidwa madola 500, kungoperewera senti imodzi.

Koma lodula kwambiri silinali limeneli. Chaka cha 2022 kunatuluka Hulkbuster, chovala chachitsulo chimene Iron Man amalowamo akafuna kulimbana ndi Hulk. Tizidutswa take ndi 4,049, kutalika masentimita 52, mtengo madola 550. Okonda LEGO ambiri analidandaula, ndipo ankanena zoona. Opanga anasiya mphako pachifuwa kuti muzilowa chidole china cha Iron Man chogulitsidwa pachokha, choncho thunthu linatalika mopitirira muyezo, chimphonacho n'kumaoneka ngati chameza mtondo.

Kumbali ya DC, bokosi la Batcave la 2023 linali ndi tizidutswa 3,981, koma chisanathe chaka linapitiriridwa ndi Gotham City ya 2024, ya tizidutswa 4,210, yotengera makatuni a Batman a pa TV amene anayamba mu 1992. Apa mpamene kuwerenga tizidutswa kumanamiza. Gotham imeneyi ndi chithunzi chopachika pakhoma, chodzaza ndi tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo kachidutswa kochepa ngati njere ya chimanga kamawerengedwa chimodzimodzi ndi njerwa yaikulu. N'chifukwa chake mapu a dziko lonse amene LEGO inatulutsa mu 2021 anafika pa tizidutswa 11,695, pamene tambiri mwa ito tinali timadontho tozungulira basi.

Ine ndikati ndisankhe lokoma kuposa onse, ndiloza Daily Bugle ya 2021, ngakhale ili ndi tizidutswa 3,772 tokha ndipo imalekezera pa masentimita 82. Chifukwa chake n'chakuti mabokosi ena aja amatsanzira mafilimu ndi makatuni, pamene ili linabwerera kumabuku enieniwo. Daily Bugle ndi nyuzipepala ya ku New York imene Peter Parker amagulitsako zithunzi za Spider-Man, mkonzi wake waukali, J. Jonah Jameson, osadziwa kuti wojambula ndi wojambulidwa ndi munthu mmodzi. Nyumbayo ili ndi chipinda cha atolankhani, ofesi ya mkonzi, ndi tekisi yachikasu poyimika panja. Chosangalatsa koposa chili pakhoma lakutsogolo: Green Goblin akutulukira pazenera, magalasi ndi mafelemu zitamwazikira kunja n'kuuma m'malere momwemo, monga mmene wojambula amaimitsira nthawi pa tsamba la buku. Pa tianthu 25 ta m'bokosili, Daredevil, Blade ndi Punisher anali kuoneka koyamba ngati zidole za LEGO.

Zonsezi n'zokwana pa tebulo. Zazikulu zenizeni sizigulitsidwa m'sitolo. Mu Januwale 2017, pa chionetsero cha magalimoto cha ku Detroit, kampani ya Chevrolet inaonetsa Batmobile yaikulu ngati galimoto yeniyeni, pokonzekera filimu ya The LEGO Batman Movie. Inadya tinjerwa 344,187, inali yaitali kupitirira pang'ono mamita 5, ndipo omanga anatherapo maola 1,833. Komabe inapeza ina itaima kale. Nathan Sawaya, amene anali loya ku New York n'kusiya ntchitoyo mu 2004 kuti azimanga zinthu ndi LEGO, anatsegula chionetsero chake cha ngwazi za DC ku Powerhouse Museum, mumzinda wa Sydney, mu Novembala 2015. Munali zosema zoposa 100, Superman, Wonder Woman, Joker ndi ena, ndipo pakati pake panali Batmobile ya mamita 5.5 yomangidwa ndi tinjerwa pafupifupi theka la miliyoni. Chionetserocho chinafika ku London mu 2017. Magalimoto onse awiriwa ngoonerera chabe, alibe injini.

Chodula kwambiri poyerekeza ndi msinkhu wake n'chaching'ono zedi. Kamunthu ka LEGO kamatalika masentimita 4 okha. Pa msonkhano wa okonda mabuku a nthano zojambula wa San Diego Comic-Con, kampani ya LEGO inkagawa tianthu tapadera kwa anthu ochepa amwayi. Mu 2013 inagawa Spider-Man, Spider-Woman, Green Arrow ndi Superman wovala zakuda, aliyense mazana ochepa chabe. Tinaperekedwa ulere, koma lero kamodzi kosatsegulidwa kamagulidwa madola masauzande, kuposa mtengo wa Avengers Tower kangapo.

Wina amene anatchuka ndi ngwazi za LEGO akadali wamng'ono ndi Preston Mutanga wa ku Canada, amene makolo ake anachokera ku Cameroon. Ali ndi zaka 14 anatenga kanema wotsatsa filimu ya Spider-Man: Across the Spider-Verse n'kumupanganso yense, chithunzi ndi chithunzi, anthu onse atasanduka tizidole ta LEGO. Sanagwire kanjerwa n'kamodzi komwe. Zonse anazipanga pa kompyuta ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Blender, imene anaiphunzira poonera mavidiyo pa YouTube. Phil Lord ndi Christopher Miller, amene anatsogolera The LEGO Movie ya 2014 ndipo anali m'gulu la olemba filimu yatsopanoyi, ataona ntchito yake pa intaneti anamuitana. Mnyamatayo anagwira ntchitoyo ali kwawo, pa holide ndiponso madzulo akamaliza za kusukulu. Filimu itatuluka mu Juni 2023, chigawo chake chinalimo: Peter Parker wa tinjerwa, ali pa ntchito ku Daily Bugle, akuzemba kukatumiza uthenga kwa Spider-Man mnzake, Miguel O'Hara, kuti chigawenga chotchedwa Spot chatulukira m'dziko lawo.