Mapiritsi a Chimanga Akayaka Moto, Musathire Madzi

Nkhani yathu ya zaumoyo lero ikukhudza chimanga chimene mwakolola, nyumba imene mumagonamo ndiponso ana amene amayala mphasa pafupi ndi matumba.

Tonse tinakula tikudziwa kuti mdani wa moto ndi madzi. Denga likayaka, aliyense amathamanga ndi ndowa. Koma alipo mankhwala ena ouma, ooneka ngati mapiritsi, ufa kapena timiyala, amene akakumana ndi madzi ndiye amalusa. Ena mwa iwo ali kale m'midzi mwathu muno.

Kodi ndi mankhwala ati?

Tikunena mapiritsi otuwa aja opha anankafumbwe. Amabwera m'tizitini totseka kwambiri, ndipo ambiri mumawadziwa ndi mayina a Phostoxin ndi Quickphos. Pa chitini pamalembedwa aluminium phosphide, kapena m'Chipwitikizi fosforeto de alumínio. Anawapanga kuti azigwiritsidwa ntchito ndi anthu ophunzitsidwa, m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo chimanga kapena fodya, mmene simugona munthu. Koma m'misika ina amagulitsidwa limodzilimodzi, atakulungidwa m'kapepala, popanda malangizo alionse. Vuto limayambira pamenepo.

Piritsili likangotuluka m'chitini, limayamba kuyamwa chinyezi cha mumpweya n'kumatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa phosphine. Piritsi limodzi la magalamu 3 limatulutsa galamu imodzi ya mpweyawu. Zikumveka zochepa, koma m'chipinda chotseka n'zokwanira kuvulaza banja lonse. Mpweyawu suoneka. Nthawi zambiri umanunkha ngati adyo kapena nsomba yowola, koma musadalire mphuno, chifukwa imazolowera fungo ndipo munthu amene ali mtulo samva kanthu. Umadutsa m'thumba, m'ming'alu ya khoma ndi pansi pa chitseko. Ana ndiwo amafooka msanga.

Choopsa chachiwiri ndi moto. Mapiritsi ambiri akaunjikana pamodzi n'kunyowa, mpweya umatuluka wambiri nthawi imodzi, amatentha, ndipo angathe kuyaka okha popanda machesi. Akakhala m'botolo kapena m'chitini chotseka chimene mwalowa madzi, chimaphulika.

Mu January 2017, mu mzinda wa Amarillo ku America, ana anayi a banja limodzi anamwalira. Mankhwala omwewa anaikidwa pansi pa nyumba yawo, kenako anathiridwa madzi pofuna kuwatsuka. Madziwo ndi amene anachulukitsa mpweya wa poizoni. Limeneli ndi dziko la zipatala zikuluzikulu, komabe anawo sanapulumuke.

Mukamva fungo m'nyumba kapena mapiritsi akanyowa

1. Tulutsani anthu onse nthawi yomweyo. Yambani ndi ana, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala. Musayambe ndi katundu.
2. Potuluka siyani zitseko ndi mawindo zili pululu.
3. Kaimeni kumene mphepo ikuchokera, kuti mpweya uzipita kutali ndi inu. Ngati malo ali otsetsereka, khalani kumtunda.
4. Musalowe ndi nyali, kandulo kapena fodya woyaka.
5. Musaganize kuti kansalu konyowa pamphuno kakutetezani. Mpweyawu umadutsa.
6. Uzani anansi, nyakwawa kapena mfumu, ndipo tumizani uthenga kwa alangizi a zaulimi a ku SDAE.

Musabwerere kukagona m'nyumbamo usiku womwewo ngakhale fungo litachepa. Kagoneni kwa achibale mpaka mapiritsi atachotsedwa ndi odziwa, ndipo mphepo yadutsamo mokwanira.

Mapiritsi akayamba kufuka kapena kuyaka

Musathire madzi. Musathire mowa, matope kapena masamba aawisi. Ngati moto uli waung'ono ndipo uli panja, munthu wamkulu mmodzi angathe kuukwirira ndi mchenga wouma kapena dothi louma, ataima kumene mphepo ikuchokera, akuponya ndi fosholo kapena khasu la mpini wautali. Akatero achokepo. Mchengawo ukhale wouma ndithu, wa kudambo ayi.

Ngati moto uli m'nyumba kapena wafika ku denga, usiyeni. Utsi wake ndi poizoni. Chotsani anthu ndi ziweto kumbali kumene utsi ukulowera. Nyumba zoyandikana mungathe kuziteteza ponyowetsa madenga ake, bola madziwo asayenderere kumene kuli mankhwala. Chimanga chikapsa, abale adzakugawirani china, koma munthu sabwerera.

Moto ukazima, ufa wotuwa umene watsala ungakhalebe ndi mphamvu. Musaugwire ndi manja, musausesere m'chimbudzi, m'chitsime kapena mumtsinje, ndipo musautsekere m'botolo. Tchingani malowo kuti ana ndi nkhuku asafikepo, kenako funsani alangizi mmene mungautayire.

Munthu akapuma mpweyawu

Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru, kusanza, kupweteka m'mimba, kutsokomola, chifuwa kuthina ndi kufooka. Zimafanana ndi malungo kapena kudya choipa, n'chifukwa chake mabanja ambiri amachedwa. Chizindikiro chachikulu ndi ichi: anthu angapo a nyumba imodzi adwala usiku umodzi, patangopita nthawi yochepa muikire mapiritsi m'chimanga. Nthawi zina mudzaona nkhuku kapena mphaka zitafa m'nyumbamo.

Mutulutseni munthuyo panja pa mphepo. Ngati akupuma movutika, mukhazikeni tsonga. Ngati wakomoka, mugonekeni cham'mbali kuti masanzi asamutsamwitse. Mankhwala akamugwera pa thupi, muvuleni zovala, sasani ufawo ndi nsalu youma, kenako musambitseni ndi madzi ambiri ndi sopo muli panja. Poyamba kusasa, pambuyo pake madzi. Akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15.

Pitani naye kuchipatala ngakhale akunena kuti wapeza bwino. Poizoniyu amawononga mtima ndi mapapo, ndipo munthu angathe kuoneka wamphamvu m'mawa n'kudzafooka madzulo.

Munthu akameza piritsi

Apa mphindi iliyonse ndi yofunika. Musamumwetse madzi, mkaka, phala, madzi amchere kapena mankhwala azitsamba. Madzi akafika m'mimba amathandiza piritsi kutulutsa mpweya wambiri. Musamukakamize kusanza. Akasanza yekha, masanziwo amatulutsanso poizoni, choncho akwirireni ndi dothi louma ndipo musawagwire. Musamuuzire mpweya pakamwa ndi pakamwa panu.

Nyamukani nthawi yomweyo kupita ku chipatala chimene chili pafupi, kaya ndi ku Furancungo, ku Tsangano, ku Ntengo wa Mbalame kapena mbali ya Malawi ku Ntcheu. APE wa m'mudzi mwanu akuthandizeni kupeza mayendedwe, koma musataye nthawi pomudikira. Ngati muli m'galimoto, tsegulani mawindo onse. Tengani chitini chopanda kanthu kapena pepala la mankhwalawo, kapena lijambuleni pa foni. Mukafika, nenani zoona: wameza chiyani, angati, nthawi yanji. Palibe mankhwala osungunula poizoniyu, koma madokotala amathandiza mtima ndi mapapo kuti zipirire mpaka poizoni atatuluka m'thupi. Akakutumizani ku chipatala chachikulu ku Ulónguè kapena ku Tete, musakane.

Tinene mosabisa kuti ena amameza mapiritsiwa dala, ngongole ya fodya ikawapanikiza kapena m'banja mukavuta. Maganizo otere nthawi zambiri amabwera mwadzidzidzi ndipo amadutsa, koma piritsi likakhala pafupi silipereka mpata woti munthu asinthe maganizo. Mukaona m'bale wanu wasiya kucheza ndi anthu, kapena akulankhula zoti watopa ndi moyo, chotsani mankhwala onse m'nyumba, khalani naye pafupi, mumvetsereni ndipo mupite naye kwa a zaumoyo.

Kabaidi ndi katundu wa pamsewu

Kabaidi, timiyala timene owotcherera zitsulo amagwiritsa ntchito ndipo ena amapsetsera nthochi, nayenso sagwirizana ndi madzi. Akanyowa amatulutsa mpweya woyaka msanga. Malangizo ake ndi omwewo: msungeni pouma, kutali ndi moto, ndipo akayaka gwiritsani ntchito mchenga wouma.

Mankhwala ouma oyaka moto amayendanso pa magalimoto akuluakulu, monga amene amadutsa msewu wa ku Mussacama kupita ku Ulónguè ndi ku Calómuè. Yang'anani chikwangwani cha makona anayi chokhala ndi chithunzi cha lawi la moto ndi nambala 4 pansi pake. Cha mizere yofiira ndi yoyera chikutanthauza katundu wouma woyaka msanga. Choyera pamwamba, chofiira pansi, chikutanthauza katundu woyaka yekha. Cha buluu chikutanthauza katundu woopsa akanyowa, ndipo mvula ikamagwa ngoziyo imakula.

Simunaiwale za ku Caphiridzange, m'boma la Moatize. Pa 17 November 2016, galimoto ya mafuta inaphulika anthu ataizungulira ndi zigubu, ndipo anthu oposa 70 anataya miyoyo. Aja anali mafuta, koma phunziro lake ndi limodzi. Galimoto ya mankhwala ikagwa, musathamangireko. Musatole matumba kapena ufa umene watayika poganiza kuti ndi feteleza. Ikamafuka kapena kuyaka, talikirani pafupifupi kilomita imodzi, kumene mphepo ikuchokera. Letsani ana, dziwitsani apolisi, ndipo muwauze mtundu wa chikwangwani ndi manambala amene munaona.

Njira yabwino yosungira chimanga

Chitetezo chenicheni n'kusalowetsa mapiritsiwa m'nyumba yogona anthu. Umitsani chimanga bwinobwino musanachisunge. Matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amapha anankafumbwe popanda mankhwala alionse, chifukwa tizilombo timasowa mpweya wopuma. Migolo yachitsulo yotseka bwino imagwiranso ntchito chimodzimodzi. Ngati mukufuna mankhwala a ufa othira m'chimanga, gulani kwa ogulitsa ovomerezeka ndipo funsani alangizi muyeso wake.

Ngati muli kale ndi mapiritsi pakhomo, asiyeni m'chitini chawo chotseka, pamalo pouma, pokhoma, kunja kwa nyumba yogona. Onani denga la pamenepo mvula isanayambe, ndipo pafupi pake ikani ndowa ya mchenga wouma.

Kumbukirani mawu anayi awa: tulukani, talikirani, musathire madzi, thamangirani kuchipatala. Werengerani pepala ili anansi anu amene sadziwa kuwerenga, ndipo mukalitchule ku tchalitchi, ku mzikiti ndi ku kalabu ya alimi.